Mwini Munda ndi Womuthangata

Funso lakuti chinthu ndi cha yani, pamene wina ali ndi chikalata cha umwini koma ena ndiwo amachisamalira tsiku ndi tsiku popanda malipiro, silinayankhidwe mokwanira ndi akatswiri a nzeru zakuya. John Locke wa ku England analemba mu 1689 kuti munthu akakhetsera thukuta pa chinthu chopanda mwini, chinthucho chimasanduka chake, koma m'buku lomwelo anavomereza kuti zimene wantchito wadula m'thengo ndi za bwana wake, popeza mphamvu zake anazigulitsa kale. Wodzipereka alibe malo pa mbali ziwiri zonsezi, chifukwa chimene akusamaliracho chili ndi mwini, ndipo iye sanagulitse kanthu kwa wina aliyense.

Mbiri ya liwu lakuti thangata ikuonetsa pamene mkangano umayambira. Poyamba linkatanthauza chithandizo chimene munthu ankapereka kwa mfumu kapena mnansi mwa kufuna kwake, podziwa kuti naye adzathandizidwa tsiku la mavuto. Eni minda ikuluikulu ya ku mapiri a Shire analitenga liwuli nalisandutsa dzina la ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala, makamaka pa Alomwe ochokera ku Mozambique, amene analibe kwina kolowera. Pa minda ya kampani ya A. L. Bruce ku Magomero, anthu anamanga ndi manja awo nyumba zopemphereramo za mpingo wa John Chilembwe, ndipo woyang'anira mundawo, William Jervis Livingstone, anazitenthetsa, poti nthakayo inali ya kampani; Livingstoneyo anaphedwa pa 23 Januwale 1915, usiku umene kuukira kotsogozedwa ndi Chilembwe kunayamba.

Pa malamulo a nthawiyo mwini nthaka anali ndi mphamvu, koma mphamvu ya chikalata siithetsa mlandu wa chikumbumtima. Ntchito yaulere siipatsa munthu umwini, ndipo wodzipereka amene amayamba kudziyesa mwini walakwitsa. Komabe imam'patsa chinthu china chimene eni ake amafulumira kuiwala, ndicho ufulu wofunsidwa maganizo zinthu zisanasinthidwe, pakuti amene walandira mphatso kwa zaka zambiri walowa m'ubale, ndipo ubale ulibe mbali imodzi yolamula yokha. Mwini akayamba kuwerengera mphatsoyo ngati ngongole yoyenera kubwezedwa kwa iye, wodziperekayo amatsala ndi chida chimodzi, kuleka ntchito, ndipo chidacho chimapweteka poyamba anthu amene iye ankawatumikira, mwiniyo asanamve kanthu.