Nsomba Ikayamba Kuoneka, Luso la Msodzi Litsala Pati?

Mu June 1967, munthu wina wogulitsa inshuwalansi wa ku Montgomery m'chigawo cha Alabama, dzina lake Ray Scott, anasonkhanitsa asodzi 106 pa nyanja ya Beaver ku Arkansas kuti apikisane kuwedza nsomba yotchedwa bass, ndipo aliyense analipira madola 100 kuti alowe nawo. Chaka chotsatira Scott anakhazikitsa bungwe la B.A.S.S., ndipo kuwedza kumene anthu ankangopititsira nthawi Loweruka kunasanduka ntchito yodyetsa mabanja. Bobby Murray atapambana mpikisano woyamba wa Bassmaster Classic mu 1971 analandira madola 10,000. Mu 2007 Scott Suggs anatola madola 1 miliyoni pa mpikisano wa Forrest Wood Cup, wa bungwe lina la FLW. Maboti anakula, mainjini anawonjezera mphamvu, malaya a asodzi anadzaza mayina a makampani. Zonsezi n'zosavuta kuziona. Chovuta ndi funso limene lagawa asodzi a ku America zaka zaposachedwazi, limene kwenikweni ndi funso la anthu oganiza mozama: kodi mpikisano umayesa chiyani mwa munthu, nanga chida chimafika pati kuti tinene kuti chaleka kumuthandiza, chayamba kumugwirira ntchito?

Msodzi wofuna ndiwo amaponya ukonde, ndipo palibe angamudzudzule chifukwa chosankha njira yachidule. Ana akudikira kunyumba. Wa mpikisano amayamba n'kudzimanga yekha manja. Ukonde saloledwa, nyambo yamoyo saloledwa, amaponya ndodo imodzi nthawi imodzi, ndipo ola likakwana amabwerera kumtunda ngakhale nsomba zitayamba kumene kudya. Katswiri wa nzeru zakuya Bernard Suits, m'buku lake la mu 1978 lotchedwa The Grasshopper, anafotokoza kuti masewera amabadwa pamene munthu wavomera mwadala zopinga zimene akanatha kuzilambalala. Tikavomereza ganizo limeneli, ndiye kuti malamulo oletsa zida zina ndiwo mafupa a mpikisanowo. Kuwachotsa onse n'kutsala ndi ntchito wamba yotulutsa nsomba m'madzi, imene makina amaichita bwino kuposa munthu aliyense.

Mbiri ya mipikisano ya bass ikugwirizana ndi zimenezi, pakuti mbali yaikulu ya mbiriyo ndi ya anthu akudziikira malire. Poyamba msodzi ankaloledwa kubweretsa nsomba 15 pa tsiku, zonse zitafa, zitakolekedwa pa chingwe. Mu 1972 Scott anayambitsa kampeni yolimbikitsa kubwezera nsomba m'madzi zili zamoyo, maboti anayamba kukhala ndi timathanki ta madzi topopera mpweya, ndipo wobwera ndi nsomba yakufa anayamba kudulidwa pa sikelo. Chiwerengero chinatsikatsika mpaka kufika pa nsomba zisanu. Pa Classic yoyamba ija, asodzi anakwera ndege osadziwa kumene akupita, n'kuuzidwa ali m'mwamba kuti ndi ku Lake Mead, kuti wina asapite kukafufuziratu. Anthu osadziwana ankaikidwa m'boti limodzi kuti azilonderana, ndipo pambuyo pake kunabwera makina oyesa bodza. Mu October 2011 Paul Elias anapambana mpikisano wa FLW pa nyanja ya Guntersville ndi Alabama rig, chida cha mawaya chokoka nyambo zisanu nthawi imodzi ngati kagulu ka tinsomba. Patangopita miyezi yochepa B.A.S.S. inachiletsa m'mipikisano yake ikuluikulu. Sichinaletsedwe chifukwa cholephera ntchito. Chinaletsedwa chifukwa chinkaigwira mopitirira muyeso. Choncho amene amanena kuti kuletsa chida n'kupandukira mwambo wa masewerawa sanawerenge bwino mbiri yake.

Mkangano wa lero ndi wa makina a sonar oona kutsogolo. Makina oyeza kuya kwa madzi ndi akale. Kabokosi kobiriwira ka kampani ya Lowrance kanatuluka mu 1959, ndipo pambuyo pake kunabwera mapu a GPS ndi makina ojambula pansi pa nyanja mbali zonse za boti. Onsewa ankauza msodzi makamaka za malo: apa pali miyala, apa pali mtengo womira, apa madzi atsika mwadzidzidzi. Mu 2018 kampani ya Garmin inatulutsa LiveScope, ndipo makampani ena anatsatira. Tsopano msodzi ataimirira kutsogolo kwa boti amaona pa sikirini nsomba imodzi ikusambira kutsogolo kwake nthawi yomweyo, amaona nyambo yake ikumira, amaona nsombayo ikutembenuka, ikutsatira, kapena ikunyoza n'kuchoka. Jeff Gustafson wa ku Canada anapambana Classic ya 2023 pa mtsinje wa Tennessee akudalira kwambiri makina a mtundu umenewu. Mu 2024 Trey McKinney, ali ndi zaka 19 zokha, anapambana mpikisano wa Elite wa B.A.S.S. pa Lake Fork ku Texas, kugonjetsa anthu amene anayamba kuwedza iye asanabadwe.

Kuyambira kalekale, chinthu cholemekezeka mwa msodzi chinali kudziwa zimene maso sangaone. Ngakhale m'chaputala 21 cha Uthenga wa Yohane, chozizwitsa cha nsomba 153 zija chagona poti wina ataima kumtunda anadziwa kumene kuli nsomba, pamene asodzi odziwa ntchito anagwira usiku wonse osapha kanthu. Munthu wamba alibe mphamvu yotero, ndiye amaphunzira kuwerenga zizindikiro: mphepo ikuchokera kuti, madzi atentha bwanji, avunduka kapena ayera, ndi nyengo yoswana kapena yadutsa, mbalame zikutera pati. Akatero amamanga ganizo, amaliyesa poponya mbedza, likamukana amalisintha. Rick Clunn, amene anapambana Classic kanayi pakati pa 1976 ndi 1990, anatchuka chifukwa cha luso lomweli la kulingalira. Mpikisano unkayesa nzeru ya munthu woyenda mu mdima, pamodzi ndi kupirira ndi kudzichepetsa kumene mdimawo umaphunzitsa, chifukwa wowedza chosaoneka amalakwa kawirikawiri ndipo amadziwa kuti nyanja ndi yaikulu kuposa iye. Sonar yatsopanoyi ikuchotsa mdima umenewo.

Oikira kumbuyo makinawa ali ndi mfundo zolemera, ndipo si bwino kuzipeputsa. Yoyamba ndi yakuti chida chilichonse chatsopano chinadandaulidwapo, kenaka anthu n'kuchizolowera. Nanga bwanji ichi chokha? Yankho ndi lakuti zida zimasiyana malinga ndi mbali ya ntchito imene zakhudza. Injini yamphamvu imafulumizitsa ulendo, koma siuza munthu kopita. Mapu amaonetsa mwala, koma funso lakuti pamwalapo pali nsomba lero limatsalabe m'mutu mwa msodzi. Chida choonetsa nsomba yeniyeniyo chimayankha funso limene mpikisano unakhazikitsidwira kufunsa. Mfundo yachiwiri ndi yamphamvu kwambiri: kuona nsomba si kuigwira. Anyamata amene akupambana amakhala masiku ambirimbiri akuphunzira kusiyanitsa bass ndi nsomba zina pa kadontho kowala, kuyendetsa boti ndi phazi kwinaku akuloza makina, ndi kuponya nyambo pamphuno penipeni pa nsomba yoyenda. Limenelo ndi luso ndithu, ndipo owanyoza kuti akungosewera gemu ya pa kompyuta akulankhula mopanda chilungamo. Komabe luso likhoza kukhala lenileni koma la masewera ena. Munthu wodziwa kufunsa kompyuta mayendedwe abwino a bawo ali ndi nzeru zake, koma sitingamuveke chisoti cha katswiri wa bawo.

Ena amati odandaulawo ndi achikulire amene nthawi yawapitirira, nsanje basi. Mwina ena alidi otero. Koma cholinga choipa cha wolankhula sichisandutsa mfundo yoona kukhala yabodza. Enanso amati popeza aliyense ali ndi ufulu wogula makinawo, mpikisano ndi wachilungamo. Ufuluwo ulipo kwa amene ali ndi madola masauzande angapo oonjezera pa boti lodula kale, koma tiyerekeze kuti onse apatsidwa ulere. Chilungamo chingakhalepo, funso n'kukhala lomwe lija. Asodzi onse atapatsidwa maukonde ofanana, mpikisano ungakhale wachilungamo kotheratu, koma sungakhalenso wowedza. Kufanana kwa zida kumatiuza kuti palibe wobera mnzake. Sikutiuza ngati chimene tikuyesacho n'choyenera kuyesedwa.

Palinso mbali ya nsombazo, ngakhale pano mpofunika kulankhula mosamala. Nsomba zoyandama pakatikati pa madzi akuya, kutali ndi gombe, kale sizinkakumana kawirikawiri ndi mbedza chifukwa kunali kovuta kuzipeza. Tsopano zilibe kothawira, ndipo n'zodziwika kuti nsomba yokokedwa mofulumira kuchokera pansi kwambiri imatupa chikhodzodzo cha mpweya n'kuvutika kubwerera pansi. Masewera amene mu 1972 anasankha kulemekeza moyo wa nsomba, ndipo mu 2019 bungwe la Major League Fishing n'kuyambitsa Bass Pro Tour kumene nsomba imayezedwa m'boti momwemo n'kubwezedwa pomwepo, sangachite ngati nkhaniyi sikuwakhudza.

Mabungwe aja ayankha mosiyanasiyana. Mu 2025 B.A.S.S. inalola diso limodzi lokha la sonar yotere pa boti ndi masikirini osapitirira mainchesi 55 onse pamodzi. Major League Fishing inalola makinawo mu Bass Pro Tour pa gawo limodzi mwa magawo atatu a tsiku. Bungwe lina la National Professional Fishing League linawaletseratu. Kukayikakayika kwa mabungwe aakuluwo n'komveka, poti makampani opanga makinawa ndi ena mwa amene amathira ndalama m'mipikisano ndi m'matumba a asodzi. Koma lamulo lowerenga mainchesi likuzemba nkhani, chifukwa diso limodzi ndi lokwanira kuona nsomba. Lamulo logwira mtima wa vutoli ndi lokhalo limene limati pa maola akutiakuti, kapena pa mpikisano wakutiwakuti, makina azimitsidwe ndipo munthu aganize yekha. Ofuna kupikisana pa luso la sikirini apatsidwe mipikisano yawo, ndipo opambana alemekezedwe. Koma chikho chimene chimati mwini wake ndiye msodzi woposa onse chiyenera kupikisanidwa makina oona nsomba atazimitsidwa.