Weramani pa Maikulosikopu, Anzanga!

Funsani munthu mumsewu kuti pathologist amatani. Ayankha mosaphethira: "Ndi uja wong'amba mitembo ku mochale." Iye watha, wapita. Koma ntchito ya ku mochale ndi kagawo chabe.

Tiyeni pa Queen Elizabeth ku Blantyre. Ku fiyeta adula kachidutswa ka chotupa cha m'khosi mwa mwana. Ndi TB? Ndi khansa? Pakhungu zimaoneka chimodzimodzi, koma mankhwala ake ndi osiyana kutalitali. Kachidutswako akaviika mu formalin. Akaumitsa m'phula. Akasenga ndi makina mpaka kapyapyale kuposa tsitsi. Akayala pa kagalasi, akapaka utoto wa pinki ndi wa buluu. Ndiyeno munthu mmodzi awerama pa maikulosikopu. Chimene alembe, ku wodi atsata chomwecho.

Ndi m'mawa chabe umenewo! Masana ali m'kalasi ndi ophunzira a KUHeS. Kenako ali pamsonkhano ndi madokotala a opaleshoni ndi a khansa, kukambirana wodwala mmodzimmodzi. Tsiku lina ali kukhoti, akufotokozera woweruza chimene chinapha munthu. Lina ali pa kafukufuku.

Kafukufukuyo musamuone mopepuka. Pa Queens pomwepo, ana ankamwalira ndi matenda amene madokotala ankati ndi malungo a mu ubongo. Makolo ena, misozi ili m'maso, analola kuti matupi a ana awo apimidwe. Zotsatira zinatuluka mu 2004: mwa ana 31, ana 7 anali atamwalira ndi matenda ena. Tizilombo ta malungo tinalimo m'magazi, inde, koma wakupha anali wina. Ofufuzawo anaonanso kuti kuunika mkati mwa diso kumasiyanitsa malungo enieni a mu ubongo ndi matenda ongofanana nawo. Lero akatswiri a malungo m'maiko ambiri amaunika diso la mwana wokomoka. Umboni wake unachokera pano. Ku Blantyre. Kwathu konkuno!

Nanga Robin Warren wa ku Perth, Australia? Mu 1979 anaona tizilombo pa tizidutswa ta m'mimba, malo amene akatswiri ankati palibe kachilombo kangakhalemo. Anayang'ananso. Anayang'ananso. Sanawatsutse maso ake. Mu 2005 iye ndi Barry Marshall analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha kutulukira tizilomboto, ndipo lero zilonda zambiri za m'mimba zimachizika ndi maantibayotiki.

Mukuti zida tilibe? Pa Kamuzu Central ku Lilongwe labu ya pathology inatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi UNC Project. Silaidi imajambulidwa, chithunzi chimadutsa pa intaneti, akatswiri a kuno ndi a ku America amachiona limodzi. Dr Tamiwe Tomoka, mayi wa Chimalawi, watsogolera ntchito imeneyi. Njira ilipo. Anzathu ayiponda kale.

Chimene chikuchepa ndi anthu. Khansa ya khomo la chiberekero ikutenga amayi athu pa mlingo umene ndi maiko ochepa padziko angafanane nawo. Ya kummero nayo sikugona. Mapathologist ndi ochepa kwambiri, masilaidi aunjikana, ndipo kumudzi kuli mayi amene akudikira pepala la zotsatira, chotupa chikukulirakulira.

Inu muli ndi maso. Muli ndi mutu umene unakhoza Biology. Muli ndi kupirira kumene kunakuwerengetsani pa kandulo magetsi atazima. Ntchitoyi ikufuna zomwezo. Simudzaimbiridwa m'manja ku wodi, zoona. Odwala ambiri sadzadziwa n'komwe nkhope yanu. Nanga zili ndi kanthu? Adzalandira mankhwala oyenera chifukwa cha inu.

Wophunzira udokotala, iwe wa ku labu, nawenso wa Fomu 4 amene ukusankha kosi: tiyeni! Mukamadutsa pakhomo la labu musapitirire. Gogodani. Pemphani silaidi imodzi, mukhale pansi, mufunse kuti akuonetseni selo ya khansa.