Kuthandiza Mwana wa Autism Kudikira

Autism ndi mkhalidwe umene mwana amabadwa nawo, wokhudza mmene ubongo wake umakulira. Dokotala Leo Kanner anaufotokoza mu 1943. Suyamba chifukwa cha ufiti kapena kulera molakwika. Ana ambiri otere amachedwa kulankhula, amafuna kuti zinthu zizichitika mofanana tsiku ndi tsiku, ndipo kudikira kumawasautsa kwambiri. Nthawi sioneka ndi maso, choncho mawu akuti "dikira pang'ono" sawauza kuti kudikirako kutha liti.

Kuno ku Goliati ndi midzi yozungulira, amayi ambiri amalawirira kukathyola tiyi ku esiteti kapena kukagulitsa tomato pamsika. Mwana wotsala ndi agogo sadziwa ngati amake abwerenso. Kulira kwake, kudzigwetsa pansi kapena kutseka makutu ndi zizindikiro za mantha. Kumukwapula kumangowonjezera manthawo.

Chothandiza ndi kuisandutsa nthawi kukhala chinthu chooneka. Pa katoni pangajambulidwe zithunzi motsatana: phala, kusamba, kusewera, nsima, kenako amayi akufika. Chilichonse chikachitika, mwanayo amavundikira chithunzi chake yekha. Mwala woikidwa pabwalo umathandizanso: mthunzi wa nyumba ukafika pamwalapo, amayi ali panjira. Pa kudikira kwakufupi, monga kuchigayo, kusikelo, kapena m'minibasi ya ku Limbe imene ikuyembekeza kudzaza, zitsekerero zisanu za mabotolo zimakwanira. Wamkulu amachotsa chimodzichimodzi, ndipo mwana amaona kuti zikutha.

Mawu akhale ochepa ndi osasinthasintha: "Choyamba kusamba, kenako mpira." Kuphunzira kumayamba ndi kudikira kwa kamphindi, n'kumatalikitsa pang'onopang'ono, ndipo mwana akapirira ayamikiridwe pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Udindo waukulu uli kwa akuluakulu. Mwana amaphunzira kudikira akaona kuti lonjezo limakwaniritsidwa. Kumunamiza kuti atonthole, kapena kumuzemba ali m'tulo, kumagwetsa zonse zimene waphunzira. Zinthu zikasintha, auzidwe msanga ndipo chithunzi chisinthidwe iye akuona. Anansi, ampingo ndi okwera nawo minibasi nawonso aleke kunyoza kholo la mwana amene akulira pagulu.

Makolo angapeze uphungu ku chipatala cha boma cha Thyolo, ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi kwa aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera, amene ambiri amaphunzira ku Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu.