Galu Wodwala Pakhomo pa Mkristu

Inu amene mukukonzekera Ubatizo, mukapita ku msika wa Mandimba, kapena mukaima pa siteshoni ya sitima ku Cuamba, simungalephere kuona galu woonda, nthiti zili poyera, ubweya utathothoka ndi mphere, makutu ali zilonda zokhazokha. Ana amamgenda, akulu amampirikitsa. Komatu galu ameneyu anali ndi mbuye wace. Anamlondera nyumba usiku, anamuingitsira anyani m'munda wa cimanga, anapita naye kuuzimba. Atadwala, mbuye waceyo anamtaya. Tsono funso lathu lero ndi ili: kodi Mkristu ali ndi mangawa kwa galu wotere?

1. Ndife akapitao

Malembo Oyera amatiphunzitsa kuti nyama zonse anazilenga ndi Mulungu, nazipereka kwa munthu kuti aziyang'anire. Mwini wace ndi Mulungu. Ife ndife akapitao cabe, ndipo kapitao adzafunsidwa za zimene anamsungitsa. Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene anatuluka m'caka ca 1992, amaika nkhani imeneyi pansi pa lamulo lacisanu ndi ciwiri. Amatilola kudya nyama ndi kuzigwiritsa nchito, koma amaletsa kuzizunza kapena kuzipha popanda cifukwa. Papa Fransisko anabwerezanso ciphunzitso comweci m'kalata yace Laudato Si' m'caka ca 2015. Nkhanza ndi cizolowezi. Mwana amene waphunzira kuseka galu akulira ndi ululu sadzabvutika mtima mawa pomva mnzace akulira.

2. Nanga anthu odwala?

Kapena wina mwa inu anena kuti: "Ana athu akudwala malungo, cipatala cili kutali, ndalama palibe. Tisamale galu?" Mau amenewa ndi olemera, ndipo Eklezia sawakana. Munthu yekha ndiye analengedwa m'cifaniziro ca Mulungu. Ngati muli ndi ndalama yokwanira mmodzi, pamene mwana ndi galu adwala pamodzi, ndalamayo ndi ya mwana. Kuononga cuma pa nyama, mnansi akugona ndi njala, ndi kulakwa.

Koma tisabisale kumbuyo kwa umphawi. Zambiri zimene galu wodwala amasowa sizigulidwa: mkute wa nsima, madzi oyera m'phale, mthunzi masana, malo ouma pa nyengo ya mvula, ndi dzanja lomcotsa nkhupakupa. Amene amana galu wace zimenezi sangadandaule za ndalama; camsowa ndi cifundo.

3. Kusamala galu ndi kucinjiriza ana

Mukudziwa matenda a ciwewe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limawerengera kuti matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 caka ciliconse, makamaka mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onsewo amawatenga kwa agalu. Munthu akayamba kuonetsa zizindikiro, kucira kumakhala kosayembekezeka. Koma katemera alipo: Louis Pasteur anampereka koyamba kwa munthu m'caka ca 1885. Akatswiri amanena kuti agalu 70 pa 100 alionse akalandira katemera, ciwewe cimaleka kufalikira m'dera. Ku Blantyre, bungwe la Mission Rabies linayamba kutemera agalu zikwizikwi m'caka ca 2015.

Galu wotayidwa ndiye amene satemeredwa, amayendayenda, nalumana ndi agalu ena ndi nkhandwe. Cotero amene ataya galu wace kuthengo waika ana a mudzi wonse pa ngozi. Alangizi a ziweto akalengeza katemera ku Ngauma, ku Mandimba kapena ku Cuamba, pitani naye galu wanu. Munthu akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo fulumirani naye kucipatala tsiku lomwelo.

4. Kumpezera khomo lina

Nthawi zina mwini galu amalephera ndithu: wakalamba, wadwala, kapena akusamukira ku Lichinga kapena ku Nampula. Ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA limene limalandira agalu otayidwa, kuwaciza ndi kuwapezera mabanja. M'midzi mwathu nchito imeneyi ili m'manja mwa ife eni, monga timacitira posungitsa mbuzi kwa mbale. Pocita zimenezi kumbukirani zinthu zitatu.

Coyamba, nenani zoona. Musapereke galu mukubisa nthenda yace, cifukwa kumeneko ndi kunyenga mnzanu. Muuzeni cimene akudwala, ngati anatemeredwa, ndiponso ngati analumapo munthu.

Caciwiri, ngati palibe womtenga kwa moyo wonse, wina angathe kumsunga mwezi umodzi kapena iwiri kufikira atacira. Kambiranani pa msonkhano wa Akristu a m'mudzi mwanu. Makolo anati kupatsa nkuika: lero mwasungira mnzanu, mawa adzakusungirani.

Cacitatu, cifundo ciziyenda ndi nzeru. Galu wacilendo amene akucuca dovu, akuluma ciliconse, kapena wasintha khalidwe mwadzidzidzi, musamgwire. Cotsani ana, dziwitsani amfumu ndi alangizi a ziweto. Ndipo ngati odziwa aona kuti galu sadzacira, kumupha msanga popanda kumzunza si cimo. Cimo ndi kummangirira padzuwa kuti afe pang'onopang'ono.

Akristu akale amasimba za Roko Woyera, amene anadwala mliri nabindikira m'nkhalango yekha, anthu akumuopa. Galu ndiye anali kumbweretsera buledi tsiku ndi tsiku. Ngati nyama yopanda Ubatizo inakhulupirika cotero kwa munthu wodwala, inu amene mudzachedwa ana a Mulungu mudzacita bwanji ndi nyama yodwala imene inakutumikirani?

Mafunso

1. Cifukwa ciani tikuti ndife akapitao a nyama, osati eni ace?
2. Mwana ndi galu akadwala pamodzi, tiyambe ndi yani? Nanga winayo timcitire ciani?
3. Munthu akalumidwa ndi galu, ticite ciani tsiku lomwelo?

Cocita sabata lino: yang'anani ziweto za pakhomo panu, ndipo funsani ngati pali nkhalamba m'mudzi imene ikulephera kudyetsa galu wace.