Chitini cha Makobiri a Malemu

M'mabanja ambiri, maliro akatha ndipo alendo akabalalika, lifika tsiku lotsegula bokosi la malemu. Pansi pa jekete lakale, pambali pa kolona ndi kalata ya Ubatizo, nthawi zina papezeka kachitini kolemera, kamene kalira munthu akakagwedeza. M'katimo muli makobiri oboola pakati, matiki, mashilingi odetsedwa ndi zaka, mwinanso hafukoloni, ndalama ija ya mashilingi awiri ndi theka. Mwini wake anali mmodzi wa amuna aja amene anapita ndi Wenela ku migodi ya ku Johannesburg, kapena kukagwira ntchito ku Salisbury, mzinda umene lero utchedwa Harare, ndipo pobwerako ulendo uliwonse ankaponyamo ndalama imodzi kapena ziwiri. Sanauze munthu chifukwa chake. Tsopano watsikira kulichete, ndipo chitini chakhala pamphasa pakati pa mkazi wamasiye, ana ake ndi abale a malemu.

Pomwepo pabuka funso lakuti: kodi zimenezi zingagulidwe ndalama zingati? Funsoli si loipa. Munthu wolandira chuma chamasiye ayenera kudziwa chimene walandira, pakuti sangathe kugawa molungama chinthu chimene sadziwa mtengo wake. Koma mdani wa mitima adikira pa khomo lomwelo. Mnyamata wina wamva m'basi kuti kobiri loboola limodzi ligula galimoto. Wina wamva kuti kuli anthu ochokera kutali ofunafuna ndalama za mfumu yakale. Tsiku lomwelo maso asintha. Mng'ono wa malemu anena: "Mlamu, chitinichi ndisunge ine, pakuti ndi cha kwathu." Mwana wamkulu afunsa: "Amayi, kodi dzulo simunali mashilingi ambiri kuposa awa?" Ndipo mayi amene anadwazika mwamuna wake miyezi yambiri ayamba kuyesedwa mbala m'nyumba yake yomwe.

Kuyesa mtengo moona

Choyamba Mkristu ayenera kutaya mphekesera ndi kufuna choona. Makolo anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Mtengo wa ndalama yakale utsamira pa zinthu zinayi, ndipo aliyense wodziwa kuwerenga angathe kuziona.

Chinthu choyamba ndi chitsulo chimene anasulira ndalamayo. Apa chaka cholembedwa pa ndalama chithandiza kwambiri. Matiki, mashilingi ndi mahafukoloni a ku Britain osulidwa chisanafike chaka cha 1920 ali a siliva pafupifupi yense, magawo 925 mwa 1,000. Kuyambira 1920 mpaka 1946 siliva anali theka lokha, ndipo kuyambira 1947 munalibenso siliva ndi pang'ono pomwe, koma mkuwa wosakaniza ndi nikelo. Shilingi ya ku Britain ilemera magalamu 5 ndi theka ndi kupitirira pang'ono. Motero mashilingi 20 a zaka za m'ma 1930 ali ndi siliva wokwanira magalamu 56 kapena 57, pamene mashilingi 20 a 1950, ngakhale awale chotani, alibe kanthu ka siliva. Ndalama za siliva za ku South Africa za zaka za 1923 mpaka 1950 zili ndi magawo 8 mwa 10 a siliva. Amene afuna kudziwa mtengo wa siliva wake ayese pa sikelo, ndipo afunse mtengo wa tsiku limenelo, chifukwa usinthasintha.

Chinthu chachiwiri ndi kusowa kwake. Ndalama ikwera mtengo ngati zinzake zinasulidwa zochepa, osati chifukwa cha ukalamba wokha. Makobiri oboola a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, amene anayamba kutuluka mu 1955, kobiri la njovu ndi theka la kobiri la akadyansonga, ndi a mkuwa, ndipo anasulidwa miyandamiyanda. Ndalama zoyamba za Malawi za mu 1964, zokhala ndi nkhope ya Dr Hastings Kamuzu Banda, shilingi ya chimanga ndi ndalama ya mashilingi awiri ya njovu, nazonso zilibe siliva. Zinagwira ntchito mpaka kufika kwa kwacha ndi tambala mu 1971, pamene paundi imodzi inasinthidwa ndi makwacha awiri, shilingi ndi matambala 10. Pafupifupi mudzi uliwonse uli nazo zotsala, ndipo chinthu chopezeka m'mudzi uliwonse sichigula galimoto.

Chinthu chachitatu ndi maonekedwe ake. Ndalama yosaperepeseka, imene zilembo ndi tsitsi la mfumu zioneka bwinobwino, iposa kutali inzake ya chaka chomwecho imene inayenda m'manja ambiri. Apa ambiri alakwa. Poganiza kuti akometsa, atenga phulusa, mchenga kapena ndimu ndi kukwecha ndalamazo kuti ziwale, osadziwa kuti ogula odziwa akana ndalama yokwechedwa kapena atsitsa mtengo wake. Kuda kwa zaka kusiyidwe momwemo.

Chinthu chachinayi ndi wogula. Mtengo wolembedwa m'mabuku a osonkhanitsa ndalama zakale suli mtengo umene wamalonda apereka, pakuti nayenso afuna phindu. Chifukwa chake ndi nzeru kufunsa anthu awiri kapena atatu, ndi kukana munthu wofulumiza, makamaka uja wonena kuti ayambe walandira kanthu kuti akapeze wogula. Safunsa anadya phula.

Banja likachita zonsezi modekha, kawirikawiri lipeza kuti mtengo wa chitini uchepa kwambiri poyerekeza ndi mphekesera. Nthawi zina mupezekadi kanthu, monga paundi yagolide, imene ilemera pafupifupi magalamu 8. Koma kanthuko kakhalepo kapena kasakhalepo, mlandu wa pamaso pa Mulungu uli umodzimodzi.

Ambuye anakana kugawa chuma

Luka Woyera, pa mutu 12 wa Mthenga Wabwino wake, asimba za munthu amene anaima pakati pa khamu ndi kupempha Ambuye Yezu kuti akakamize mbale wake kumgawira chuma chamasiye. Mwina munthuyo anali ndi mlandu wabwino. Mwina mbale wakeyo analandadi. Koma Ambuye anakana kukhala woweruza wa nkhaniyo, ndipo anatembenukira anthu onse ndi kuwachenjeza za umbombo. Pamenepo anaphera fanizo la mwini munda amene anakolola zochuluka, naganiza zophwasula nkhokwe zake kuti amange zazikulu, koma usiku womwewo moyo wake unaitanidwa.

Nanga Ambuye anakaniranji? Sanakane chifukwa chakuti chilungamo ndi chachabe. Anakana chifukwa anaona matenda amene kugawa sikuchiritsa. Munthu amene mtima wake wagwidwa ndi umbombo, ngakhale alandire gawo lake lonse, apitiriza kuwerenga gawo la mbale wake. Ndipo fanizo la nkhokwe liyenera kuwawa kwambiri kwa iwo okhala mozungulira chitini, pakuti mwini chitiniyo anasonkhanitsa zaka 40, ndipo sanatenge ngakhale tiki popita kumanda. Iwo amene alimbirana lero adzachisiyanso mawa.

Chifaniziro cha pa ndalama

Pali tsiku lina limene Ambuye mwini anayesa ndalama. Mateyo Woyera asimba pa mutu 22 kuti Afarisi anamtchera msampha pa nkhani ya msonkho wa Aroma. Iye anaitanitsa ndalama ya msonkho. Imeneyo inali denari, ndalama yasiliva imene inali malipiro a tsiku limodzi a munthu waganyu. Mfumu ya Aroma masiku amenewo inali Tiberius, amene analamulira kuyambira chaka cha 14 mpaka cha 37, ndipo pa madenari ake panali nkhope yake ndi mawu omutcha mwana wa Augustus, amene Aroma ankamuyesa mulungu. Ambuye sanafunse kulemera kwa siliva, kapena zimene denariyo ingagule pamsika. Anafunsa za nkhope ndi dzina zodindidwa pamenepo. Atamuyankha, anaphunzitsa kuti ndalamayo ibwerere kwa mwini nkhope, ndipo Mulungu nayenso alandire zake.

Augustino Woyera, Episkopi wa ku Hippo amene anamwalira mu 430, ankakonda kumasulira nkhaniyi motere: monga mfumu ifuna chifaniziro chake pa ndalama, Mulungu afuna chifaniziro chake mwa munthu. Munthu ndiye ndalama ya Mulungu. Buku la Genesis, pa mutu woyamba, liphunzitsa kuti mwamuna ndi mkazi analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo Eklezia aphunzitsa kuti Ubatizo udinda pa mzimu chizindikiro chosafafanizika. Ndi chifukwa chake munthu abatizidwa kamodzi kokha.

Tsono amene atenga ndalama m'chitini cha malemu ndi kuyang'anitsitsa kuti aone ngati nkhopeyo ndi ya George V, kapena George VI, kapena Elizabeth II, akweze maso ake ndi kuyang'ana anthu okhala naye pamphasa. Mafumu onsewo anamwalira, ndipo ndalama zawo sizigulanso ngakhale mchere m'sitolo. Koma mayi wamasiye uja, mlongo wosauka uja amene sanapite kusukulu, ngakhale mbale uja amene mowa wamuwononga, onsewo anyamula nkhope ya Mfumu yosafa. Tchimo lingathe kuiperepesa nkhopeyo ndi kuidetsa, monga manja ambiri aperepesa shilingi, koma silingathe kusintha mwini wake. Mkristu amene anyoza mayi wake chifukwa cha magalamu 50 a siliva wayesa molakwa koposa uja wokwecha ndalama ndi mchenga: wasunga mkuwa, wataya golide.

Apa pali kusiyana kwakukulu. Pa ndalama za anthu, yoperepeseka itsika mtengo ndipo palibe angaibwezere mwakale. Pa ndalama za Mulungu si choncho. Pa mutu 15 Luka Woyera asimba za mayi amene anataya ndalama imodzi mwa khumi, nayatsa nyale, nasesa nyumba yonse kufikira ataipeza. Momwemo Mulungu afunafuna munthu wotayika, ndipo mu Sakramenti la Kulapa chaulere chake chikonzanso chifaniziro chimene tchimo linawononga.

Zoyenera kuchita

Chiphunzitso chimenechi chisathere m'makutu. Banja lachikristu lopeza chuma chotere lichite poyera. Chitini chitsegulidwe pamaso pa onse ndi pamaso pa mboni, monga ankhoswe kapena akulu a mphakati. Ndalama iliyonse ilembedwe pa pepala, dziko lake ndi chaka chake, ndipo pepalalo lisungidwe ndi anthu awiri. Pasakhale wogulitsa mobisa, ndiponso wodziwa mtengo asapusitse osadziwa. Mwana wophunzira amene azindikira kuti ndalama imodzi iposa zonse, nanena kuti iye angotengako kakang'ono aka, wachimwira lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu, ngakhale abale ake amuthokoze chifukwa cha kudzichepetsa. Ndipo uja amene sanatenge kanthu, koma agona usiku akusirira gawo la mnzake, akumbukire lamulo lachikhumi.

Mkazi wamasiye ndi ana ayambe ndiwo. Lamulo la dziko la Malawi la mu 2011 lokhudza chuma chamasiye liteteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo liyesa kulanda chuma chawo mlandu wolangidwa nawo. Koma Mkristu asadikire bwalo la milandu kuti limuphunzitse zimene Katekisimu anamuphunzitsa ali mwana. Amene analanda kale adziwe kuti kuulula kokha sikukwanira: ayenera kubweza, kapena kutsimikiza mtima kuti adzabweza monga angathere, pakuti tchimo la kuba silikhululukidwa katundu wa mwini ali chikhalire m'bokosi mwa wakuba mwadala.

Ngati mtengo wapezeka wochepa, monga zichitika kawirikawiri, palibe chifukwa chogulitsira. Mwana aliyense atenge ndalama imodzi ikhale chikumbutso, ndipo adzauze adzukulu za agogo awo amene anatsika m'mgodi kuti ana ake avale ndi kuphunzira. Umenewo ndiwo mtengo weniweni wa chitini chija: thukuta la bambo ndi kukumbukira kwawo ali kutali. Ngati kanthu kagulitsidwa, banja lisaiwale kupereka Misa yopempherera mzimu wa malemu, pakuti ndicho chokha chimene iye angapindule nacho tsopano.

Akatekisti ali ndi udindo waukulu pa nkhaniyi, chifukwa ndiwo afika msanga pa maliro ndipo adziwa mabanja. Asadikire ndewu. Alangize makolo kunena kapena kulemba adakali moyo za mmene katundu wawo adzagawidwire, ndipo pa tsiku lotsegula bokosi akumbutse abale mawu a makolo akuti chibale ndi fupa, sichiola.

Lidzafika tsiku limene Mulungu adzatsegula mosungira mwake ndi kuyesa ndalama zake imodzi imodzi. Sadzafunsa kuti munthu analandira zingati kwa atate ake. Adzayang'ana ngati chifaniziro cha Mwana wake chioneka pa mzimuwo, ndiponso ngati munthuyo anachilemekeza mwa amayi ake, mwa abale ake ndi mwa ana amasiye. Maria Woyera, amene anaima pansi pa mtanda pamene asilikali ankachita maere pa malaya a Mwana wake, apempherere mabanja onse ogawana chuma chamasiye, kuti pogawa katundu asagawe mitima.