Si Mawu Onse Okoma Amene Ali m'Baibulo

Khala pansi, mdzukulu wanga. Funso lako ndi la munthu amene wayamba kukhwima. Mawu aja akuzungulira m'mafoni mwanuwa mulibe m'Baibulo. Ndikunena aja a mibadwo yosinthana. Akuti mavuto ndiwo amaumba anthu olimba, olimbawo n'kukonza dziko, dziko likakoma n'kulera ana ofooka, ofookawo n'kulibwezeranso m'mavuto. Uyambe ku Genesis, ukatulukire ku Chivumbulutso. Sukawapeza. Wachita bwino kufunsa usanakawanene pamaso pa anthu. Safunsa anadya phula.

Mwini wake alipo, ndipo si mneneri. Ndi G. Michael Hopf wa ku America, amene kale anali msilikali. Mu 2016 anatulutsa buku la nkhani yopeka lotchedwa Those Who Remain, losimba za anthu otsala dziko litasokonekera. Mawuwo ali m'menemo. Taona, 2016 ndi dzulodzuloli, iwe unali utabadwa kale. Anthu anawazula m'bukumo n'kumawalemba pa zithunzi za asilikali akale. Anayenda pa Facebook, anayenda pa WhatsApp, dzina la mwini n'kugwera m'njira. Mawu akasowa mwini, anthu amawasakira mwini wolemekezeka. Ena amawapachika pa anthu anzeru akalekale, ena pa Baibulo.

Ganizo lake lokha ndi lakale kuposa Hopf. Kunali munthu wophunzira wachisilamu, Ibn Khaldun, wobadwira ku Tunis mu 1332. Mu 1377 analemba buku lotchedwa Muqaddimah. Iye anaona kuti banja lachifumu silikhalitsa kupyola mibadwo itatu, zaka ngati 120. Oyamba amachokera kuchipululu, ozolowera njala ndi ogwirizana. Ana awo amakulira m'mizinda, koma amakumbukirabe za makolo. Zidzukulu zimangodziwa kudya, ufumu n'kulandidwa. Ameneyo anaganiza mozama, ndipo ulemu wake umupatse. Koma naye sanalembe Malemba.

Tsono n'chifukwa chiyani mawuwa amamveka ngati a m'Baibulo? Chifukwa muli nkhani zofanana nawo. Tsegula Oweruza mutu 2. Yoswa wamwalira ali ndi zaka 110. Akuluakulu amene anaona ntchito za Mulungu ndi maso awo nawonso atha. Ndime 10 ikusimba za mbadwo wina umene unauka osadziwa Mulungu kapena zimene anachitira makolo awo. Kuchokera apo buku lonse likungozungulira. Anthu amasiya Mulungu, adani amawapondereza, iwo amalira, Mulungu amadzutsa woweruza, dziko limapuma. Pa nthawi ya Otiniyeli linapuma zaka 40, pa nthawi ya Ehudi zaka 80. Woweruza akafa, amabwerera komwe kuja.

Tsegulanso Deuteronomo mutu 8. Mose akuchenjeza anthu asanawoloke Yordano. Akuwauza kuti ikubwera nthawi ya kukhuta, ya nyumba zabwino, ya ziweto zoswana ndi chuma chochuluka. Pamenepo ndiye pofunika kusamala, chifukwa mtima wokhuta suchedwa kuiwala. Makolo athu anaona zomwezo. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Mpaka apa ungati ndi zimodzimodzi. Dekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mawu a m'foniwa akuti dziko limakonzedwa ndi anthu amphamvu. Mutu womwewo wa Deuteronomo, pa ndime 17, ukuletsa munthu kunena mumtima mwake kuti chuma wachipeza ndi mphamvu ya dzanja lake. Waona? Chimene mawuwa akutamanda, Mose akuchitcha chiyambi cha kugwa.

Taona Gideoni. Amidiyani anazunza Aisraeli zaka 7. Ankabwera nthawi ya zokolola n'kuwononga zonse, osasiya ngakhale nkhosa. Mavutowo sanaumbe ngwazi. Anthu ankabisala m'mapanga. Gideoni mwini anapezedwa akupuntha tirigu mobisa, m'malo oponderamo mphesa, ndipo anadandaula kuti banja lake ndi lonyozeka pa fuko lonse la Manase. Ataitana asilikali kunabwera 32,000. Atauzidwa kuti amantha abwerere, 22,000 ananyamuka ulendo wa kwawo. Pa otsalawo Mulungu anasankhapo 300 okha. Chifukwa chake chalembedwa poyera pa Oweruza 7: kuti Israeli asadzadzitame kuti anadzipulumutsa yekha. Nkhani ya m'Baibulo ndi ya kukumbukira ndi kuiwala. Ya m'foniyi ndi ya nyonga ndi kufooka. Ndi njira ziwiri, ndipo mapanga awiri avumbwitsa.

Palinso china chachikulu. Mawuwa akumuuza mwana kuti nyengo imene wabadwiramo yamuweruza kale. Wabadwa pamtendere, basi ndiwe wofooka. Malemba savomereza zimenezo. Yang'ana mafumu a Yuda m'buku la 2 Mafumu. Ahazi anali woipa mpaka kupereka mwana wake nsembe pamoto. Mwana wake wina, Hezekiya, anayeretsa dziko. Hezekiya wolungamayo anabereka Manase, amene analamulira zaka 55 akumanganso maguwa amene bambo ake anagumula. Mdzukulu wa Manase ndiye Yosiya, amene analowa ufumu ali ndi zaka 8 n'kukhala mmodzi mwa mafumu okhulupirika kwambiri. Magazi amodzi, nyumba imodzi, mitima yosiyana.

Ndipo ukudziwa chimene chinalimbitsa Yosiya? M'chaka cha 18 cha ufumu wake, akukonza Kachisi, wansembe Hilikiya anapeza buku la chilamulo limene linaiwalika. Linawerengedwa pamaso pa mfumu. Mfumu inang'amba zovala zake. Mbadwo umenewo sunadzutsidwe ndi nkhondo kapena njala. Unadzutsidwa ndi buku lotsegulidwa.

Tsono mvetsera ichi, chifukwa ambiri sachidziwa. M'Baibulo muli mwambi wina wa mibadwo umene unali pakamwa pa aliyense. Uli pa Ezekieli 18, ndiponso pa Yeremiya 31. Ndi wa mphesa zosapsa, wonena kuti odya ndi makolo koma ovutika mano ndi ana. Anthu ali ku ukapolo ku Babulo ankaunena podandaula kuti akulangidwira za makolo awo. Unali wokoma m'khutu. Koma unalembedwa m'menemo kuti uletsedwe. Mulungu anawauza kuti asaunenenso. Kenaka mneneri Ezekieli akufotokoza za anthu atatu, agogo, bambo ndi mwana. Agogo olungama, bambo wachifwamba, mwana woona zoipa za bambo ake n'kukana kuzitsata. Aliyense anaweruzidwa ndi ntchito zake. Ife timati choipa chitsata mwini. Ndiye ngakhale mawu amene alidi m'Baibulo, uziona amene akuwanena ndi chimene chikutsatira. Munthu wongotola ndime imodzi akhoza kulalikira chimene Mulungu anakana.

Za mavuto, undifunse ine. Ndawaona. Amayi anga ankasimba za njala ya 1949, mmene amuna ankachokera pamudzi kukafuna chakudya, ena osabwereranso. Ya 2002 ndinaiona ndi maso angawa. Anthu anadya gaga. Anakumba zitsa za nthochi n'kuzisinja. Mbuzi yathunthu inkapita ndi chimanga chosakwana n'komwe sabata. Ana anasiya sukulu chifukwa miyendo sinkawanyamula. Anthu aulemu wawo anagwidwa m'minda ya anzawo akuthyola chimanga chachiwisi, ena n'kumenyedwa koopsa. Njala ndi chilombo, mwana wanga. Simaphunzitsa aliyense ndi chikondi.

Inde, alipo amene anatulukamo olimba. Koma ndinawayang'anitsitsa. Anali olimba kale njala isanafike. Ndi aja ankasunga mbewu padenga ngakhale ana akulira. Ndi aja anali ndi chinangwa ndi mbatata kudimba, anzawo akuwaseka. Ndi aja anali ndi abale owagawira, chifukwa nawonso ankagawa pa nthawi ya mwanaalirenji. Njala inangoonetsa chimene chinalipo. Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Koma mwana amene anapinimbira chaka chimenecho, thupi lake silinabwererenso. Munthu wotamanda mavuto ali chikhutire, foni ili m'manja, sanaikepo mwana m'manda chifukwa cha njala. Usadzapemphere mavuto kuti akulimbitse. Pa Miyambo 30 pali pemphero la Aguri. Sanapemphe umphawi, sanapemphe chuma. Anapempha chakudya chomukwanira, poopa kuti akakhuta angakane Mulungu, akasauka angabe. Ameneyo ankadziwa mbali zonse ziwiri.

Ndikudziwa chifukwa chake anzanga ena okalamba amawakonda mawuwa. Amatiika ife kumbali ya olimba, inu kumbali ya ofooka. Koma Mlaliki 7 ndime 10 ikutiletsa kumafunsa chifukwa chake masiku akale anaposa ano. Ikuti funso lotero silichokera m'nzeru. Mbadwo wanu uli ndi katundu wake. Munda umene agogo anga ankalima okha, lero agawana mabanja ambiri. Mvula siidziwikanso tsiku lobwera. Namondwe Freddy wa mu 2023 anakokolola midzi ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, ndipo amene ankafukula anzawo m'matope ndi makasu anali achinyamata. Amenewo sindingawatche ofooka.

Koma nanunso musathamangire kunena kuti tsobola wakale sawawa. Rehobowamu, mwana wa Solomoni, anakulira m'nyumba ya golide. Anthu atabwera kudzapempha kuti awapeputsire goli, akuluakulu anamulangiza kuti ayankhe mofatsa. Iye anamvera anyamata anzake n'kuyankha mwaukali. Mafuko 10 anamuchokera. Uwerenge pa 1 Mafumu 12. Sanagwe chifukwa chofewa. Anagwa chifukwa chofuna kuoneka wolimba, atatseka makutu. Mawu a akulu amakoma akagonera.

Mwina ukuti, agogo, nanga pali vuto lanji ngati mawuwo ali ndi nzeru? Vuto lilipo. Ukudziwa mbewu yachinyengo ija, chimanga cha m'nkhokwe chopakidwa utoto n'kuikidwa m'paketi yokongola? Chimangacho pachokha si choipa, nsima yake imadyeka. Choipa ndi paketi. Mlimi amadzala ndi mtima wonse chifukwa cha dzina lolembedwapo, n'kudzazindikira pokolola, chaka chitapita kale. Mawu a munthu timawayesa, tikafuna tiwakane. Koma ukawatcha Mawu a Mulungu, watseka pakamwa pa omvera. Mayi wachikhulupiriro adzawasenza osafunsa. Adzawaphunzitsa ana ake. Miyambo 30 ndime 6 ikuchenjeza munthu wowonjezera pa mawu a Mulungu kuti adzapezeka wabodza. Ndipo tsiku limene wina adzakufunsa ndime pamsonkhano wa achinyamata iwe n'kusowa, sadzakukhulupiriranso ngakhale pa ndime zoona. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Si awa okha. Aja amati Mulungu amathandiza odzithandiza okha, anthu amawanena pamaliro ndi paukwati ngati Malemba. Mulibe. Anafalitsidwa ndi Benjamin Franklin wa ku America m'kabuku kake ka mu 1736.

Iwe uli ndi mwayi umene makolo a agogo anga analibe. Buku Lopatulika linatuluka lathunthu mu 1922, itatha ntchito ya zaka zambiri ya William Murray wa mishoni ya ku Nkhoma pamodzi ndi anzake, azungu ndi anthu akuno. Akatolika anatulutsa Malembo Oyera mu 1966. Buku Loyera linabwera mu 1998. Anthu anathera moyo wawo pa ntchito imeneyi kuti munthu wa kumudzi asamangodalira za m'maluwa, azitha kutsegula yekha m'chinenero chake. Anthu a ku Bereya, pa Machitidwe 17, anatamandidwa chifukwa ankafufuza m'Malemba tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zimene ankamva zinali zoona. Wolalikirayo anali Paulo mtumwi. Ngati Paulo anafufuzidwa, chithunzi cha pa foni n'chiyani?

Tsono uzichita chonchi. Wina akati Baibulo likuti, umufunse mwaulemu buku, mutu ndi ndime. Akakupatsa, utsegule. Uwerenge kuyambira pamwamba pa mutuwo mpaka pansi, uone wolankhula ndani, akuuza yani, zinatha bwanji. Pakakuvuta, upite kwa abusa kapena kwa akulu a mpingo. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.

Mnzako uja anakutumizira mawuwa usakamuchititse manyazi pagulu. Sananame dala, naye anangolandira. Ukamuitanire pambali. Ukamuuze dzina la Hopf ndi chaka cha buku lake. Mukatero mukhale pansi awiri, mutsegule Oweruza 2 ndi Ezekieli 18, muwerenge mitu yonse iwiri mpaka kumapeto. Loweruka mubwere kuno nonse, mudzandiuze zimene mwapezamo.