ZA MAKOMBO NDI NKHUKU ZATHU

Abale ndi alongo a ku Bwanje, ndi inu nonse owerenga m'midzi, mwezi uno tilankhula za kanthu kamene ambiri akapeputsa, ndiko makombo otsala m'mbale ndi mumphika. Tsegulani Yohane 6:1-13. Pamenepo tiwerenga kuti Ambuye Yesu anadyetsa amuna monga 5,000 ndi mikate 5 ndi tinsomba 2. Ndipo atakhuta onse, anatuma ophunzira ace kutola zotsala, nadzaza iwo mitanga 12. Taganizani: Iye amene anali nayo mphamvu yakucurukitsa mkate anasamala nyenyeswa. Nanga ife, amene tipeza nsima ndi thukuta, kuyambira kusosa kufikira kukolola, tidzaitaya bwanji kudzala?

Makolo athu anatisimbira za njala ya 1949, ndipo ambiri a ife tinaona ndi maso njala ya 2002, pamene madeya anasanduka cakudya ca anthu. Koma nkhokwe ikadzala tiiwala msanga. Bvuto ili siliri kwathu kokha ai. Pakuti m'caka ca 2011 bungwe la FAO linawerengera kuti gawo limodzi la magawo 3 a cakudya ca anthu pa dziko lapansi lionongeka kapena kutayika caka ndi caka. Ife sitikhoza kukonza dziko lonse, koma pakhomo pathu tikhoza. Cifukwa cace tikupatsani mau atatu.

Coyamba, munthu ayambe ndiye. Mkute wabwino ndi wa mwana wopita ku sukulu m'mamawa, ndi wa nkhalamba, ndi wa mwana wamasiye wokhala pafupi nafe. Mkristu woponyera nkhuku nsima yabwino, mnansi wace ali kugona ndi njala, sanazindikire cifuniro ca Mulungu. Ndiponso amai asaphike mopitiriza muyeso ndi kunena, Zikatsala nkhuku zidzadya. Uko ndiko kutaya komwe, kungobvala dzina lina.

Caciwiri, cimene munthu sangadye, idye nkhuku. Nkhoko za mumphika, madeya, misere, mpunga wosweka popuntha, masamba otsala posadzula nkhwani, mitu ya usipa: zonsezi muziike m'mbale yace, ndi madzi abwino pambali. Muzipatse madzulo pafupi ndi khola, kuti zizolowere kubwera kwao dzuwa lisanalowe. Koma dziwani kuti nsima yokha ingokhutitsa, siicurukitsa mazira. Thadzi lifuna zomanga thupi, monga ciswe, nsomba ndi nyemba zophika. Makoko a mazira muwaoche pang'ono ndi kuwasinja. Thadzi likadya, mazira ace adzakhala olimba.

Cacitatu, nkhuku si dzala. Pa Eksodo 16 tiwerenga kuti mana amene ena anasunga mosamvera anagwa mphutsi, nanunkha. Cakudya ciri nayo nthawi yace. Cimanga ndi mtedza zocita cuku ziri ndi ululu wodwalitsa nkhuku ndi munthu yemwe. Ndiwo za mcere wambiri zipha anapiye. Mbeu za cimanga ndi thonje zopakidwa mankhwala ndizo za kumunda basi, zisafike kukhola. Zobvunda zonse muzikwirire m'dzenje la manyowa, ndipo zimene nkhuku zasiya muzicotse usanade, kuti zingaitane makoswe.

Tionjezepo cenjezo limodzi. Makombo saletsa citopa, cimene cimatha makola m'miyezi yotentha muno m'cigwa. Katemera wace alipo, wochedwa I-2, dontho limodzi m'diso la nkhuku miyezi 4 iri yonse. Funsani alangizi a ziweto nthenda isanafike, pakuti cakudza siciimba ng'oma.

Tsono taonani cimene Mulungu acita ndi zotsala zija. Thadzi lifungatira masiku 21, ndipo anapiye aturuka. Tambala mmodzi wogulitsidwa agula sopo, mcere ndi makope a ana. Mlendo akafika, mwini nyumba sacita manyazi. Citosi cipita kudimba, ndiwo zikula, ndipo zotsala zace zibweranso kukhola. Zoonadi, pang'ono pang'ono ndi mtolo. Koma musagulitse mazira onse, ana anu ali kuonda. Ndipo mau akale aja, akuti mkazi wapakati akadya dzira adzabala mwana wopanda tsitsi, ndi bodza. Dzira limlimbitsa iye ndi mwana yemwe.

Potsiriza, abale, kumbukirani kuti pa Mateyu 23:37 Ambuye anadzifanizira ndi thadzi lobisa ana ace pansi pa mapiko. Iye sanyoza zazing'ono. Ife tomwe tinali ngati makombo, osayenera kusungidwa, koma anatitola, natiika mumtanga mwace. Cifukwa cace madzulo ano, mbale zisanatsukidwe, nyumba iri yonse idzifunse, Ici ncayani? Ca munthu cipite kwa munthu, ca nkhuku kukhola, cobvunda kumanyowa. Ndipo Mulungu, amene atipatsa mvula ndi mbeu, atipeze tiri akapitao okhulupirika, ngakhale pa nyenyeswa. Amen.